Kodi mphete za Saturn zinaduka, kapena ndi mthunzi chabe?

Nabanda, Kabwata. Lachiwiri 19:12
Mwaswera bwanji nonse a pagulu. Ndabwera ndi funso la mwana, koma nane landigwira mtima. Mtsikana wanga wa Grade 9 wapeza chithunzi ichi cha Saturn pa foni, akuti chinajambulidwa ndi chombo chotchedwa Cassini. Taonani kuseri kwa pulanetiyo: mphete zija zaduka ngati wina wachekapo ndi mpeni, pangotsala chigamba chakuda bii. Pathupi pakenso padutsa timizere takuda topyapyala. Iye akuti mphetezo sizinazungulire ponse, zili ndi mpata. Ine ndimati kapena kamera ndiyo inalephera pamenepo. Odziwa atithandize, akufuna akafotokoze m'kalasi Lachisanu.

A Mwale, Matero. Lachiwiri 19:31
Mayi, ine ndajambula maukwati ndi zilanga mulilo muno mu Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo kuwala ndi mthunzi ndiye munda wanga. Ndinene mosabisa, zithunzi zimenezi ndimazikayikira. Mthunzi weniweni suthera pamzere wakuthwa chotero, umazilala pang'onopang'ono, ndipo ngakhale munthu ataima pansi pa mtengo wa mango nkhope yake imaonekabe. Apa ndi mdima wa tsitsi la khwangwala, mulibe kalikonse. Chachiwiri, nyenyezi zili kuti? Munthu uli kuthambo kwenikweniko koma osaoneka ngakhale nyenyezi imodzi? Ine ndikuona dzanja la munthu pa Photoshop.

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachiwiri 19:58
A Nabanda, mwanayo wafunsa bwino, musamugwetse mphwayi. Mphete sizinaduke ndipo kamera sinalakwe. Chakudacho ndi mthunzi wa pulaneti yomweyo. Saturn sawala yekha, mphete zakenso siziwala zokha, zonse zimangolandira dzuwa ngati ife. Thupi lake ndi lotakata makilomita pafupifupi 120,000, ndiye likatchinga dzuwa, mbali ya mphete imene ili kuseri imalowa mu usiku. Tizibenthu ta madzi oundana timene timapanga mphetezo tilipo ndithu mumdimamo, tikuzungulirabe, ndipo pakapita kanthawi timatulukira mbali ina n'kuyambanso kuwala.

Timizere ta pathupito ndi mthunzinso, koma wa mphete, ukugwera pa mitambo ya pulaneti. Ndiye awiriwa amabwezerana: thupi limaphimba mphete, mphete zimaphimba thupi.

Ana anga ndimawauza kuti akaona chithunzi chilichonse cha kuthambo, asanatsegule pakamwa afunse kaye kuti dzuwa lili kuti. Pa chithunzi chanucho mthunzi wagwera kumanja, choncho dzuwa lili kumanzere, kunja kwa chithunzi. Mukaligwira limenelo, zina zonse zimakhala pamalo pake.

A Mwale, Matero. Lachiwiri 20:04
Ndamva aphunzitsi, koma funso langa simunaligwire. N'chifukwa chiyani uli wakuthwa chotero?

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachiwiri 20:21
Ndimabwera komweko a Mwale, ndipo ndikuyankhani ndi zida zanu zomwe. Mukajambula mkwatibwi ndi fulashi yaing'ono yopanda chophimba, mthunzi wake pakhoma umatuluka bwanji? Wakuthwa. Mukaikapo ambulera yoyera ija, kuwala kumachokera pamalo otakata, mthunzi n'kufewa. Saturn ali kutali ndi dzuwa kuwirikiza pafupifupi 9.5 kuposa ife. Kumeneko dzuwa limaoneka kakang'ono, ngati fulashi yopanda ambulera, ndiye m'mphepete mwa mthunzi muyenera kuthwa.

Za pansi pa mango, nkhope imaoneka chifukwa mpweya wathu, fumbi, khoma la nyumba ndi nthaka zonse zimabweza kuwala n'kukulowetsa mumthunzi. Thambo lobiriwirali ndi ambulera yaikulu imene tinapatsidwa ulere. Pa mphete za Saturn palibe mpweya woti ubalalitse kuwala. Pamene dzuwa silifika ndi mdima basi.

Dalitso, Kalingalinga. Lachiwiri 20:35
Ndiwonjezeko za nyenyezi, amalume a Mwale. Dzuwa kwa Saturn ndi lofooka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 90 a limene timalandira kuno, komabe ayezi wa mphete amawala kwambiri kuposa nyenyezi zakutali. Shata ikatseguka nthawi yokwanira mphete, nyenyezi sizilowa. Mukaitsegula nthawi yaitali kuti nyenyezi zilowe, mphete zimapsa n'kungoyera mbee. Inuyo mukajambula anthu usiku pabwalo lowala magetsi, kumwamba kwa chithunzicho kumatuluka nyenyezi? Zithunzi za Cassini zokhala ndi nyenyezi zilipo, ndi zimene ankajambula zinthu zosawala kwenikweni.

A Mwale, Matero. Lachiwiri 20:41
Pa nyenyezipo wandigwira mphwanga. Zoonadi, paphwando la usiku kumwamba kumangoda. Za ambulera ndikaziyesa ndekha mu situdiyo mawa.

Agogo a Lungu, Chilenje. Lachiwiri 21:10
Ana anga, ine ndimawerenga chete, koma za mthunzi wakuthwazi ndinaziona ndi maso anga. Pa 21 June 2001, tsiku Lachinayi, kadamsana uja atadutsa pa Lusaka, ndinali pabwalo ndi adzukulu. Itangopitirira 15 hours dzuwa linatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Ndinayang'ana pansi, chithunzithunzi changa chinali chakuthwa modabwitsa, ngakhale tsitsi la pamkono limawerengeka pa simenti. Pansi pa mtengo panadzaza timiyezi tating'ono tambirimbiri. Kenaka kunada kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, nkhuku zinalowera kukhola, ndipo kuzungulira mwezi wakuda uja kunatuluka kuwala koyera ngati ndevu za chimanga. Kuwala kumeneko kumakhalapo masiku onse, koma dzuwa limatithobwa m'maso. Ndiye aphunzitsi akamati gwero la kuwala likachepa mthunzi umathwa, ine ndikuvomereza.

Dalitso, Kalingalinga. Lachiwiri 21:26
Agogo, zimene mwanenazo ndi zomwe Cassini anachita dala. Pa 19 July 2013 chombocho chinali mumthunzi wa Saturn, pulaneti n'kutchinga dzuwa ngati mwezi uja, ndipo chinajambula chikuyang'ana kumene dzuwa labisala. Ndaika chithunzicho apa. Thupi la pulaneti ndi lakuda, koma mphete zikuyaka, ndipo kunja kwenikweni kukuoneka mphete ina yotakata yonga utsi wobiriwira imene pa zithunzi zina simuiona. Mphete za Saturn zimatchulidwa ndi zilembo, ndipo imeneyo imatchedwa E. Kadontho kali m'munsi chakumanjako ndi dziko lathu, lili pa mtunda wa makilomita 1.44 biliyoni.

Nabanda, Kabwata. Lachiwiri 21:33
Koma apa ndasokonezekanso. Dzuwa lili kuseri, ife tikuona kumsana. Nanga mphete ya utsiyo yawala bwanji kuposa pamene dzuwa likuiwomba kumaso?

A Sakala, Mtendere. Lachiwiri 21:52
Amayi, limenelo ndiliyankhe ine woyendetsa basi. Ndimayenda msewu wa Great East tsiku lililonse. Galasi lakutsogolo mwezi uno wa October limadzaza fumbi. Masana dzuwa lili pamutu, kapena likakhala kumbuyo kwanga, galasilo limaoneka loyera, fumbi osaliona. Koma madzulo pochokera ku Chongwe kulowa m'tauni, dzuwa likakhala kutsogolo, fumbi lomwe lija limayaka lonse, msewu osauona, mpaka umachita kuima n'kupukuta. Fumbi ndi lomwelo, chasintha ndi kumene dzuwa lili. Sindikudziwa ngati ndi zofanana ndi za kumwambazo, koma ndi zimene zandibwerera.

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachiwiri 22:15
A Sakala, mwalasa pamtima penipeni. Tinthu tating'onoting'ono ngati fumbi ndi utsi timaponya kuwala kwambiri kutsogolo, kumene kuwalako kumapita kale. Zinthu zikuluzikulu ngati miyala zimakubweza kumene kwachokera. Ndiye kamera ikakhala mbali ya dzuwa, zimawala ndi zibenthu zazikulu za ayezi, zina ngati nsangalabwi, zina ngati nyumba. Ikakhala kuseri, chimawala ndi fumbi. Mphete E ndi ya timadontho ta ayezi tosalala ngati ufa, tochokera ku mwezi waung'ono wa Saturn wotchedwa Enceladus, umene umalavula madzi kudzera m'ming'alu ya kum'mwera kwake. Akasupe amenewo Cassini anawajambula mu 2005, ndipo anawaona bwino chifukwa dzuwa linali kuseri kwawo.

Palinso timikwingwirima tina timene timaoneka pa mphete B, tonga masipoko a njinga. Zombo za Voyager zinatijambula mu 1980 ndi 1981. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa kamera timaoneka takuda, likakhala kutsogolo timaoneka toyera. Kusintha kumeneko ndiko kunauza akatswiri kuti ndi fumbi losalala, popanda wina kukalikhudza.

Amake Chisomo, Chawama. Lachiwiri 22:20
Zili ngati m'nyumba ya malata obooka m'mawa, posesa. Fumbi umaliona pamene pali kamzere ka dzuwa pokha.

Agogo a Lungu, Chilenje. Lachitatu 06:40
Mwadzuka bwanji. Usiku malaiti anapita ndisanamalize kuwerenga, ndamalizitsa m'mawa uno. Mawu athu andipatsa maganizo. Timati chithunzi, timati mthunzi, timatinso chithunzithunzi. Makolo ataona kamera koyamba sanavutike kufuna dzina lachilendo, anangotenga la mthunzi. Ndiye mwana wa a Nabanda akamawerenga mthunzi kuti amvetse chithunzi, akuyenda m'njira ya kwathu.

Funso langa ndi ili. Mwana wanga anandionetsa Saturn pa zithunzi ziwiri. Pa china mthunzi wa mphete pathupi ndi kachingwe kamodzi pakati. Pa china ndi chilamba chachikulu chopindika, chaphimba pafupifupi theka la kumtunda. Chabwino n'chiti?

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachitatu 07:25
Zonse ziwiri n'zoona agogo, zasiyana nyengo. Saturn ndi wopendekeka madigiri pafupifupi 27, dziko lathu ndi 23 ndi theka, ndiye naye ali ndi nyengo zake. Koma amatenga zaka 29 ndi theka kuzungulira dzuwa kamodzi, choncho nyengo imodzi imatha zaka zoposa 7. Mphete zinayalidwa molunjika ikweta yake. Dzuwa likakhala kum'mwera kwa mphete, mthunzi umagwera kumpoto n'kutambasuka. Likakwera kumpoto, mthunzi umatsikira kum'mwera. Likafika molunjika mphete zenizenizo, mthunzi wonse umafinyika kukhala kachingwe kamene mwaonako.

Cassini anafika kwa Saturn pakati pa 2004, kumpoto kuli dzinja lozizira la kumeneko, n'chifukwa chake zithunzi zoyambirira zili ndi chilamba kumtunda, ndipo kumtundako kunkaoneka kobiriwira ngati thambo. Pa 11 August 2009 dzuwa linafika molunjika mphete. Pofika May 2017 linali litakwera kotheratu kumpoto, mthunzi wa mphete uli kum'mwera, ndipo mthunzi wa thupi pa mphete unafupika moti sunkafikanso m'mphepete mwa kunja. Munthu wozolowera akhoza kuyang'ana mthunzi wokha n'kukuuzani kuti chithunzicho ndi cha zaka ziti, monga momwe inu mumadziwira mwezi poona pamene dzuwa likulowera pakhonde.

Dalitso, Kalingalinga. Lachitatu 08:50
Za 2009 zija ndi zimene zimandisangalatsa kuposa zonse, ndiloleni ndichedwepo. Mphete zikuluzikulu ndi zotakata makilomita oposa 270,000 kuchoka mbali ina kufika ina, koma kuchindikala kwake m'malo ambiri ndi mamita 10 okha, kutalika kwa mtengo wa bulugamu wosakhwima. Kamera ili patali singathe kuona ngati pali chotumphuka pa chinthu chosalala chotero. Zili ngati kuyang'ana munda masana dzuwa lili paliwombo, mizere ndi makwawa zonse zimaoneka zofanana.

Koma pitani kumunda komweko dzuwa likulowa. Kachulu kakang'ono kamataya mthunzi wautali, mzere uliwonse umaonekera, ngakhale mapazi a mbuzi. Ndodo ya mita imodzi, dzuwa likakhala madigiri 45, mthunzi wake ndi mita imodzi. Likatsika kufika madigiri 6, mthunzi umafika pafupifupi mamita 10. Likatsikanso umapitirira kutalika. Mu 2009 dzuwa linali likulowa pa mphete zonse nthawi imodzi, kwa masabata angapo, ndipo chilichonse chotumphuka chinadziulula. M'mphepete mwa kunja mwa mphete B munaoneka mithunzi yosongoka ngati mano a sowo, ndipo atawerengera kutalika kwa mthunzi ndi kupendekeka kwa dzuwa anapeza kuti ndi milu ya ayezi yotalika mpaka makilomita 2.5. Palinso kamwezi kotchedwa Daphnis, ka makilomita 8 okha, kamene kamayenda m'kampata ka mu mphete A. Kakamadutsa kamakoka m'mphepete mwa mpatawo n'kudzutsa mafunde. Mafundewo ankaoneka kale, koma kuti amaimirira m'mwamba anatsimikiza ndi mthunzi wake.

A Mwale, Matero. Lachitatu 09:14
Izi ndiye ndikuzidziwa bwino. Ukafuna kuti zokongoletsa za pa keke ya ukwati kapena mikanda ya pa diresi zioneke, nyali suiika kutsogolo, umaiika m'mbali, chapansi. Kutsogolo zonse zimaphwatalala. Ndayesanso za fulashi m'mawa uno ndi lalanje ndi mbale ya pepala yoboola pakati. Popanda ambulera, situdiyo nditatseka makatani, mthunzi wa lalanje pambale unatuluka wakuthwa ndi wakuda ngati wa pa chithunzi cha a Nabanda. Pamenepo ndavomera.

Koma mitundu sindinavomere. Mwana wa mlongo wanga wanditumizira china chimene Saturn ndi wakuda ngati khala koma mphete zikuyaka ngati waya wa mbaula ya magetsi, chikhalirecho dzuwa likumuwomba kumaso. Pamenepo mundiuza chiyani?

Dalitso, Kalingalinga. Lachitatu 09:40
Chimenecho ndi cha telesikopu ya James Webb, cha June 2023, amalume. Sichinajambulidwe ndi kuwala kumene maso athu amaona, koma kwa infrared. Mpweya wa methane umene uli pa Saturn umameza kuwala kwa mtundu umene anasankhawo, ndiye thupi limada. Ayezi wa mphete alibe methane, amakubweza. Mdima wa pamenepo si mthunzi, ndi kumeza. Mtundu wa lalanjewo anachita kuupereka anthu kuti tione, chifukwa infrared ilibe mtundu m'maso mwathu.

Mukunena zoona kuti dzanja la munthu lilipo. Kamera ya Cassini inkajambula zakuda ndi zoyera, kudzera m'mafyuluta. Kuti papezeke mtundu ankajambula katatu, ndi fyuluta yofiira, yobiriwira ngati msipu ndi yobiriwira ngati thambo, kenaka n'kuphatikiza. Zithunzi zina amaziwalitsa dala kuti zofooka zioneke, ngati cha 2013 chija. Koma amalemba m'munsi zimene achita, ndipo zosakonza zomwe bungwe la zakuthambo la ku America la NASA linkaziika poyera pa intaneti.

A Mwale, Matero. Lachitatu 09:52
Ndiye mfundo yanga yatsala theka. Vuto n'lakuti zikamafika pa WhatsApp ndi pa Facebook mawu a m'munsi aja amakhala atadulidwa. Munthu umangolandira chithunzi chopanda mawu ofotokoza, osadziwa kuti ndi maso ati anachiona. Ine ndikakonza chithunzi cha kasitomala ndimamuuza.

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachitatu 13:05
Pamenepo ndili nanu a Mwale, ndipo zimandipweteka ndikaona ana akukopera zithunzi zotero m'mapulojekiti popanda chaka kapena dzina la chombo.

Pali msampha wina umene ngakhale ine unandigwira zaka zapitazo, ndipo mwana wa a Nabanda akumana nawo posachedwa. Mphete zili ndi nkhope ziwiri, yowombedwa dzuwa ndi ya kumsana. Tengani neti ya udzudzu, muipinde kuti mbali ina ikhale yochindikala kasanu, ina kamodzi, penanso muboole. Muiyanike panja. Mukaima mbali ya dzuwa, pochindikala ndi pamene payera kwambiri, popyapyala pamaoneka motuwa. Tsopano zungulirani kuseri. Pochindikala paja pada, chifukwa kuwala kwalephera kudutsa, ndipo popyapyala ndi pamene pakuwala.

N'chimodzimodzi kumeneko. Mphete B ndiyo yothithikana kuposa zonse. Ku nkhope ya dzuwa ndiyo yowala koposa, koma ku nkhope ya kumsana imaoneka yakuda. Mpata waukulu uja wa pakati pa A ndi B, umene katswiri wa zakuthambo Giovanni Cassini anauona mu 1675, wotakata makilomita pafupifupi 4,800, kuno timauona ngati mzere wakuda, koma kumsana umawala, chifukwa si wopanda kanthu, muli tinthu tochepa timene kuwala kumadutsamo. Chombo cha Pioneer 11 chinajambula nkhope ya kumsanayi mu 1979.

Chovuta n'chakuti kumsanako mdima uli ndi matanthauzo awiri otsutsana. Pakhoza kuda chifukwa padzaza kwambiri, kapena chifukwa palibiretu kanthu, ngati pobooka pa neti paja usiku.

Amake Chisomo, Chawama. Lachitatu 13:18
Nanga amasiyanitsa bwanji aphunzitsi? Poti zonse n'zakuda.

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachitatu 13:36
Njira imodzi ndi kuyang'ana mthunzi wake pathupi la pulaneti. Pothithikana pamataya mthunzi wakuda, pobooka pamadutsa kamzere ka dzuwa. Timizere tija a Nabanda anafunsa poyamba, tina takuda tina totuwa, ndi mapu a kuchindikala kwa mphete. Njira ina ndi kudikira nyenyezi yowala kuti idutse kuseri kwa mphete, n'kumayeza mmene ikuthwanimira. Ikazimiratu ndiye pothithikana, ikawala bwinobwino ndiye pampata. Voyager 2 anachita zimenezi mu 1981, Cassini anazibwereza kambirimbiri.

Nabanda, Kabwata. Lachitatu 19:44
Tayesa! Malaiti atapita tatenga tochi ya pa foni, lalanje, ndi katoni imene tadula mozungulira ngati mkombero wa lichero. Mwana wabaya timabowo mbali ina ya katoniyo ndi singano. Titaunikira m'mbali, mthunzi wa lalanje unadula katoni kuseri monga pa chithunzi chija, ndendende. Atakweza tochi m'mwamba, mthunzi wa katoni unatsikira kunsi kwa lalanje n'kupindika, ndipo m'kati mwake munali timadontho ta kuwala tochokera m'mabowo muja. Atatsitsa tochi kufika molingana ndi katoni, katoniyo inangoda yonse, mthunzi n'kusanduka kaulusi. Anakuwa mpaka aneba anabwera kudzaona.

Wafunsa kuti kadzenje kakakulu ka pa mwezi wotchedwa Mimas n'chifukwa chiyani iye akukaona ngati chotupa.

Dalitso, Kalingalinga. Lachitatu 19:58
Amayi, muuzeni atembenuze foni dodolido, chotupacho chisanduka dzenje nthawi yomweyo. Maso athu anazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba. Chithunzi chikakhala kuti dzuwa likuchokera kumunsi, ubongo umatembenuza dzenje kukhala phiri. Dzenjelo limatchedwa Herschel, ndi lotakata pafupifupi makilomita 140 pa mwezi wa makilomita 400 okha. Njira yosalephera ndi ya aphunzitsi ija: apeze kaye mbali ya mwezi imene yawala. M'dzenje, khoma la kufupi ndi dzuwa ndi limene limada. Pa phiri, kumada ndi kuseri.

A Sakala, Mtendere. Lachitatu 20:30
Aphunzitsi, ndamva kuti muli ndi telesikopu. Mithunzi imeneyi munthu angaione ndi maso ake ali muno mu Lusaka, kapena ndi za zombo zokhazokha?

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachitatu 21:02
Ndili nayo yaing'ono, ndipo zina zimaoneka. Koma ndikuchenjezeni za zinthu ziwiri. Choyamba, ife tili kufupi ndi dzuwa, ndiye Saturn timamuona nthawi zonse kuchokera mbali ya dzuwa. Kusiyana kwake kumathera pa madigiri pafupifupi 6. Simudzamuona ngati kachikhadabo ka mwezi watsopano muli padziko pano. Mukaona chithunzi chotero, dziwani kuti n'cha chombo chimene chinafika kuseri. Mthunzi wa thupi pa mphete timangouona kachidutswa, kakusuzumira m'mbali. Pa usiku umene dziko lathu lili pakati pa dzuwa ndi Saturn, mu 2025 unali wa 21 September, mthunziwo umabisala kuseri kwa thupi kotheratu, ndipo zaka zimene mphete zatseguka zimawala mowirikiza masiku amenewo, chifukwa kachibenthu kalikonse kabisa mthunzi wake kumsana. A Mwale anena kale kuti nyali ya kutsogolo imachotsa mithunzi.

Chachiwiri, chaka chino cha 2025 n'chaka cha kaulusi kamene mwana wa a Nabanda waona. Pa 23 March mphete zinali cham'mbali penipeni kwa ife, ndipo pa 6 May dzuwa linadutsa molunjika n'kuyamba kuwomba nkhope ya kum'mwera. Loweruka lapitali ndinayang'ana cha m'ma 21 hours, Saturn ali pamwamba kwambiri chakumpoto pang'ono. Mphete zinali ngati singano yobaya lalanje, ndipo mpweya ukadekha kwa kamphindi, kamzere kakuda kamaoneka kakudutsa pathupi. Pambali panali kadontho, mwezi wake waukulu Titan. Kutentha kwa October kumachititsa chithunzi kuvina ngati uli kuyang'ana pamwamba pa mbaula, ndiye pamafunika kudekha. Zidzatsegukanso kwambiri cha m'ma 2032.

Galileo anaona Saturn mu 1610 ngati ali ndi tinthu tiwiri m'mbali, ndipo mu 1612 tinthuto tinasowa, iye osamvetsa. Chinali chaka ngati chino. Anadzamasula nkhaniyi ndi Christiaan Huygens mu 1659, kuti ndi mphete yopyapyala yopendekeka.

Agogo a Lungu, Chilenje. Lachitatu 21:20
2032 ndi patali kwa ena a ife. Ine ndikufuna ndione singanoyo chaka chomwechino. Mdzukulu wanga akhoza kundinyamula.

Nabanda, Kabwata. Lachinayi 18:15
Funso lotsiriza la mwana asanagone, poti mawa ndi tsiku lake. Akuti munthu ataima pa Saturn pansi pa mthunzi wa mphete, angaone chiyani?

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachinayi 18:47
Muuzeni kuti poima palibe, ndi mpweya ndi mitambo yokhayokha. Koma atayandama pamwamba pa mitambo ku mbali imene kuli dzinja, akhoza kuona mphete ngati uta waukulu wodutsa thambo lonse, ndipo dzuwa, kakang'ono kaja, likuyenda kuseri kwake, pena kuzimirira, pena kutulukira pampata. Ndi kadamsana wa agogo a Lungu uja, koma wobwera tsiku ndi tsiku kwa zaka, mpaka nyengo itasuntha mthunzi. Ku mbali ya chilimwe n'kosiyana, usiku mphete zowala zimaunikira mitambo, ndipo pa zithunzi zina za Cassini mbali ya usiku imaoneka motuwa chifukwa cha kuwala kumeneko. Akatenge lalanje ndi katoni yake kusukulu, apemphe aphunzitsi atseke makatani.

Sabata yoyamba ya November dzuwa lidzadutsa paliwombo penipeni pa Lusaka, kutatsala pang'ono kuti 12 hours ikwane. Aimike botolo pabwalo aone mthunzi ukulowa pansi pake.

A Mwale, Matero. Lachinayi 19:03
Loweruka ndibwera ndi kamera ndi miyendo yake itatu, ndiyese kujambula kudzera pa diso la telesikopuyo. Ndikufuna kamzere kakudako ndikagwire ndekha.

Aphunzitsi Tembo, Chelstone. Lachinayi 19:10
Bwerani. Tiyambe 20 hours, mitambo ikatilola, poti kum'mawa kwayamba kale kung'anima madzulo. Ofuna kubwera andilembere pambali ndiwalozere nyumba. Agogo, mpando wanu ndiuika pafupi ndi telesikopu kuti musaimirire nthawi yaitali. A Sakala, mukamabwera mudzere ku Kabwata mutenge a Nabanda ndi mwanayo.

A Sakala, Mtendere. Lachinayi 19:14
Ndikatsitsa ulendo womaliza ndidzera komweko. Amayi, mukonzeke cha m'ma 19:30.